Lembani Zoti Munthu Awerenge Mpaka Kumapeto

Ana anga, pali dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kwa inu amene mwayamba kulemba: akuti Amalawi sawerenga. Mumalinena nkhope zili khwinya, ena mpaka kufuna kuponya cholembera kutchire. Ine dandaulo limeneli sindilivomereza lonse. Kaimeni m'mawa pamene amagulitsira nyuzipepala ku Limbe kapena kudepoti ya Lilongwe, mukaone anthu ataunjikana, makosi atasolola, akuwerenga mitu ya nkhani ngakhale m'thumba mulibe yogulira. Taonani mmene kalata ya chigamulo cha mlandu wa munda imayendera m'manja mwa abale, aliyense akufuna adzionere yekha mpaka mzere womaliza. Anthu amawerenga chimene chawakhudza. Akaisiya panjira nkhani yanu, musathamangire kuwanena ulesi. Yambani mwadzifunsa ngati munawapatsa chifukwa choti apitirire.

Chizolowezi chimene chikukupwetekani munachitenga kusukulu, ndipo aphunzitsi sindikuwaimba mlandu. Chimangirizo chimene munkalemba pokonzekera mayeso a MSCE chinali ndi wowerenga mmodzi, wochonga, ndipo iyeyo anali pantchito. Afune asafune, ankayenera kufika kumapeto kuti akupatseni malikisi. Ndiye munazolowera kuti mukayala mawu oyamba, thunthu ndi mawu omaliza, basi mwatha, wina awerenga. Kunja kuno wochonga kulibe. Wowerenga wanu ndi mayi amene wangoweruka kumene, wapanikizika pampando wakumbuyo m'minibasi ya ku Ndirande, kondakitala akukuwa, foni ikulira m'chikwama. Ndi bambo amene wachokera kudimba, wakhala pakhonde kudikira madzi osamba. Anthu amenewa akupatsani mizere iwiri, mwina itatu. Mukalephera kuwagwira pamenepo apita, ndipo satsanzika.

Makolo athu ankazidziwa izi asanalione n'komwe pepala. Wokamba nthano akati "padangotero", ana ankayankha kuti "tilitonse", ndipo yankholo linkabwerabwera mpaka nthano kutha. Sikunali kukometsera chabe ayi. Agogo ankamvera pomwepo ngati akadali ndi anthu. Mayankho akayamba kufooka, wina wayamba kusinza, ankadziwa kuti apa pakufunika nyimbo, kapena fisi atulukire msanga. Inu olemba yankho limenelo simulimva, chifukwa wowerenga ali kutali ndipo simudzamuona. Tsono muzidzifunsa nokha pa ndime iliyonse kuti, kodi munthu uja akadali nane?

Nanga chimene chimamusunga munthuyo n'chiyani? Ambiri mumayesa kuti ndi mawu okoma. Mawu okoma amabwera pambuyo. Choyamba n'chakuti mukhale ndi kanthu komuuza kamene sakadziwa, kapena kamene amakadziwa koma sanamvepo wina akukatchula poyera. Kanthu kotere sikapezeka muli khale m'chipinda. Zolemba zambiri za achinyamata zimadwala nthenda imodzi: mwini wake sanatuluke panja. Walemba za umphawi, za katangale, za chikondi, za kusintha kwa nyengo, zonse kuchokera m'mutu. Ukawerenga supezamo munthu, supezamo malo, supezamo mtengo wa chinthu ngakhale chimodzi. Nkhani yotere akhoza kuilemba wina aliyense ali kwina kulikonse, n'chifukwa chake palibe amene amaifuna.

Kumbukirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Mnyamatayu atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2002, anatolera zitsulo zotayidwa, zipangizo za njinga ndi mitengo ya bulugama, n'kumanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, atachita kuonera m'buku la mulaibulale. Makinawo anaima pakhomo pa makolo ake zaka zingapo, anthu akudutsa, ena akumuseka kuti mutu wazungulira. Nkhani yake inadzatuluka m'nyuzipepala ya Daily Times mu 2006, mtolankhani atapita kukaona ndi maso ake. Zotsatira mukuzidziwa: buku mu 2009, kanema mu 2019, dzina la Wimbe kumveka mpaka kutsidya la nyanja. Nthawi yonseyo nkhani inali pabwalo, yosabisika. Chimene chinkasowa ndi munthu wokwera basi n'kukafika. Ndikukuuzani, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje kuli nkhani zimene zaima chomwecho lero lino, ndipo zina zili kuseri kwa nyumba yanu: kuchigayo, pamjigo, pamsika wa kaunjika, kwa akabaza amene amakunyamulani tsiku ndi tsiku inu osawafunsa kuti njingayo ndi ya yani, nanga madzulo amapereka zingati kwa mwini wake.

Kufika pamalo ndi kwina, kudziwa kufunsa ndi kwinanso, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Musafike kope lili m'manja. Lonjerani, khalani pamene akuyalirani, nenani kuti ndinu yani, kwanu n'kuti, mwadzera chiyani. Ngati ndi kumudzi, dzerani kwa amfumu kaye. Mukawalumpha, anthu amakuyankhani ndi pakamwa pokha mtima atautseka. Akakupatsani thobwa imwani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funso loti "mukumva bwanji?" silitola kanthu, pakuti munthu amangoti "n'zovuta, bambo" kapena "tikuthokoza kwambiri", basi kwatha. Funsani zinthu zogwirika. Munadzuka nthawi yanji? Munayenda wapansi kapena panjinga? Anayamba kukuwa ndani? Pothawa munanyamula chiyani? Thumba limeneli chaka chatha munagula zingati, nanga chaka chino? Ndiye pali funso lalifupi kuposa onse, limene limatsegula pakamwa pa munthu aliyense: "Kenako?" Mukafunsa khalani chete. Achinyamata mumaopa bata, mumathamangira kuthira funso lina munthu akadameza malovu, chonsecho mawu olemera amabwera pambuyo pa bata lomwelo. Nthawi zambiri amatuluka pokuperekezani, kope mutatseka kale, muli pamphambano. Mukafuna kudzawalemba, pemphani chilolezo pomwepo, musachite kuba. Ndipo maso anu asagone: onani ngati m'nkhokwe muli kanthu, chimene chapachikidwa pakhoma, zimene mwana wavala kumapazi, utsi ngati ukufuka kukhitchini nthawi ya nkhomaliro. Zimenezo palibe adzakuuzeni, koma ndi zimene wowerenga adzakumbukire.

Mukabwerako ndi katundu wotere, yambani ndi cholemera. Apa ndi pamene ambiri mumatayira anthu. Wina akulemba za kusowa kwa chimanga, ndiye ayamba kuti: "Chimanga ndi chakudya chofunika kwambiri m'dziko lathu la Malawi." Ndani sadziwa? Ndi mwana wa sitandade 1 yemwe akudziwa. Wowerenga waona kale kuti simumuuza chachilendo, watembenuza tsamba. Tsono tayerekezani nkhani yomweyo itayamba chonchi: "Tambala woyamba asanalire, mayi wina anali atasiya kale thumba lake pamzere, mwala pamwamba, kuti limusungire malo. Dzuwa likupendeka anabwerera nalo kunyumba atalipinda m'khwapa." Munthu akafika pamenepo akufuna adziwe kuti kunali kuti, chinavuta n'chiyani, nanga ana anagonera chiyani usiku umenewo. Mafunso amenewo ndiwo amamukokera ku ndime yachiwiri. Zoti chimanga n'chofunika simunazinene, koma wazimva kuposa mukanazinena.

Amene munakula mukumvera Nkhani za m'Maboma pa wailesi ya MBC mukukumbukira mmene anthu ankadulira macheza madzulo kuti pulogalamuyo isawadutse. Nkhani iliyonse inkayamba ndi munthu, mudzi wake, mfumu yaikulu ndi boma, kenako chodabwitsa chimene chachitika, popanda kuzungulira. Zina mwa nkhanizo, tinene zoona, zinali zovuta kuzitsimikiza, makamaka zija za malichero ouluka usiku, ndipo pamenepo musatengere. Koma kayambidwe kake kokha kaphunzireni.

Manambala nawonso amafuna nzeru. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, omwalira ndi osowa anaposa 1,000, ndipo ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ndi anthu omwe. Nambalayo iyenera kulembedwa, ndipo ilembedwe molondola. Koma mtima wa munthu sutha kulira anthu 1,000 nthawi imodzi. Umalira mmodzi: bambo amene akukumba ndi khasu pamene panali nyumba yake, mwana amene akufunsa kuti kusukulu apita ndi yunifolomu iti. Muonetseni wowerenga mmodziyo, kenako mumuuze kuti otere alipo ochuluka chonchi, ndipo nambalayo idzamulemera. Chimodzimodzi kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Agogo anu ku Ntchisi mukawauza kuti 44 peresenti, angokuyang'anani. Pitani kugolosale mukalembe mtengo wa shuga ndi sopo wa dzana ndi wa lero, mukafunse thumba la feteleza, mukafunse ndalama yokwerera galimoto yopita kuchipatala. Pamenepo agogo amva, ndipo wophunzira wa ku yunivesite amvanso, pakuti naye amagula shuga yemweyo.

Nzeru yotsata munthu mmodziyi si yalero. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, m'buku lake la Nthondo la 1933 anatenga munthu mmodzi n'kumulondola kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, ndipo moyo wa pamudzi wa Achewa, miyambo yake ndi kusintha kwake, timauonera pa munthu ameneyo. Bukulo linapambana mpikisano wa mabuku olembedwa m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo mu 1934 Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi. Patha zaka zoposa 90 dzina la Nthondo likutchulidwabe.

Tsopano tibwere ku chiyankhulo, kumene mtima wanga umawawa kwambiri. Kwabadwa Chichewa china cha m'maofesi ndi m'misonkhano ya m'mahotela, chimene palibe munthu amayankhula pakhomo pake. Mukuchidziwa: "Pakufunika kuti pakhale kulimbikitsa kutenga nawo mbali kwa amayi pa nkhani zokhudza chitukuko." Tawerengani mokweza, muone ngati mpweya ukukwanirani. Amayi anu akanangoti: "Amayi nawonso aziyankhula pa zachitukuko, ndipo azimvedwa." Chiganizo choyambacho mwini wake anachiganiza m'Chingerezi, pofika papepala n'kungosintha mawu. Chichewa chotere mumachizindikira chifukwa mulibe wochita: ganizo lapangidwa, njira zakhazikitsidwa, ndalama zasowa. Wapanga ndani? Wakhazikitsa ndani? Zasowa m'manja mwa yani? Nthawi zina wolemba amabisa wochitayo chifukwa cha mantha, koma nthawi zambiri n'chifukwa choti sanafunse. Mukakakamira pa chiganizo, ikani cholembera pansi, muyerekeze kuti azakhali anu akhala apo akusenda nandolo, muwauze pakamwa chimene mukufuna kunena. Mawu amene atuluke pamenepo ndiwo mulembe.

Chichewa chili ndi chuma chimene ambiri mumachisiya pakhomo mukamalemba, poyesa kuti n'chachimidzi. Ndikunena mvekero. Mukhoza kulemba kuti anthu anathawa mofulumira kulowera mbali zosiyanasiyana, ndipo simunalakwe. Koma mukati anthu anangoti balala, wowerenga wawaona ndi maso. Kunja kuli bii. M'nyumba muli zii. Mwana ali mbuu ndi fumbi. Maso ali psuu. Atamva uthengawo anangoti kakasi. Liwu limodzi lagwira ntchito ya mzere wonse, ndipo lagwira bwino kuposa mzerewo. Mvetserani mmene amayi amafotokozera ngozi imene aiona pamsewu, muwerenge mvekero zimene atulutse pa mphindi imodzi; palibe anawaphunzitsa m'kalasi. Kungoti musaziunjike. Chimodzimodzi miyambi ndi zining'a. Mwambi umodzi woikidwa pamalo pake umakhomera mfundo. Koma pali ena amathira miyambi isanu m'ndime imodzi pofuna kuti tiziti awa ndi akatakwe pa Chichewa, ndipo wowerenga amaona msanga kuti munthuyu akudzionetsera, nkhani waiiwala. Kufukula mawu amakedzana amene ngakhale agogo anu anawasiya n'kudzionetseranso. Foni ndi foni, minibasi ndi minibasi, feteleza ndi feteleza. Lembani mmene anthu amatchulira, musavutike kupeka mawu atatu pa chinthu chimene dzina lake aliyense akulidziwa.

Munthu amene mwacheza naye musamulande kayankhulidwe kake. Wa ku Mangochi, wa ku Nsanje, wa ku Dedza, wa ku Chipata kapena wa ku Lusaka, aliyense ali ndi kakomedwe kake ka mawu. Mukamulemba m'mitengero, msiyeni amveke mmene anamvekera. Nkhani imene anthu onse akuyankhula ngati mlembi wake imagonetsa tulo.

Kalembedwe nako musakapeputse. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuyambira mu 1996 ntchito yosamala ziyankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Anthu anakhetsa thukuta kuti mudziwe pophatikiza mawu ndi polekanitsa, polemba l ndi polemba r. Kudula mawu kwa pa uthenga wa foni kusiyeni pafoni pomwepo. Ndipo mpumiro si wogula. Chiganizo chikafika mizere inayi, chiduleni.

Koma nkhani ikhoza kukhala ndi Chichewa chosalala, anthu ndi malo zilimo, n'kukhalabe yozizira, chifukwa mwini wake akuopa kunena chimene akuganiza. Wayamikira uku, wayamikira uko, wamaliza osaponda paliponse. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Munalibe mawu okuluwika. Inanena za malipiro ochepa, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mavuto a m'masukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Zonsezi aliyense ankazidziwa, koma ankazinong'ona usiku chitseko chotseka. Boma linaitcha kalatayo youkira, kupezeka nayo unali mlandu, komabe anthu ankaibisa n'kumapatsirana. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Sindikuti kalata yokhayo ndiyo inasintha dziko, panali anthu ambiri amene anavutikira ufulu umenewo. Ndikuti palibe amene anaisiya panjira kalata imeneyo poti yatalika. Masiku amenewo kulemba kunali kuika khosi pampeni: mlembi Jack Mapanje anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Inu mwabadwa pakamwa pali potsegula, ndipo kuyambira mu Seputembala 2020 pali lamulo logwira ntchito lokupatsani ufulu wopempha zikalata ndi mauthenga ku maofesi a boma. Ndi angati mwa inu analigwiritsapo ntchito?

Kulimba mtima kumene ndikunenaku si kulemba zakumva. Musanalembe kuti wakutiwakuti waba, khalani ndi umboni m'manja, ndipo pitani kwa mwini wakeyo mukamve mbali yake. Akakana kuyankha, lembani kuti wakana. Kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu kukhoti, ndipo lamulo la 2016 lokhudza mauthenga a pa intaneti lamangitsapo anthu chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Koma ngakhale khoti likanapanda kukhalapo, munthu amene mwamunamizirayo ali ndi ana amene mawa apita kusukulu, ali ndi apongozi, ali ndi mpingo. Mwana wogwiriridwa musamutchule dzina, musatchule mudzi wake mwanjira yoti anthu amuloze. Wodwala musaulule matenda ake iye asanavomere. Dzina la munthu, dzina la mudzi, tsiku ndi nambala, zibwerezeni kufunsa mpaka mutsimikize. Safunsa anadya phula. Wowerenga akakugwirani bodza kamodzi amayamba kukayikira ndi zonse zimene munalemba kale, zoona zomwe.

Mutu wa nkhani usalonjeze chimene m'katimo mulibe. Mukalemba kuti "Zoopsa ku Zomba" munthu n'kupeza kuti ndi mbuzi yalowa m'kalasi, lero mwamukola, mawa akaona dzina lanu adutsa. Mutu wabwino ndi waufupi, uli ndi mneni, ndipo umanena chimene chachitika.

Mukamaliza kulemba nkhani musathamange nayo kwa mkonzi tsiku lomwelo. Isiyeni igone. M'mawa mudzaona zinthu zimene dzulo maso anazilumpha, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti ndime yoyamba yonse inali kungokonza kukhosi, nkhani yeniyeni yayambira pa yachiwiri. Ichotseni yoyambayo, musaimvere chisoni. Kenako muwerengereni munthu mokweza, ndipo musasankhe mnzanu amene amakuyamikirani chilichonse. Sankhani mlongo wanu wosakuopani uja, kapena azakhali osapsatira mawu. Pamene mukuwerenga muziba maso kuyang'ana nkhope yawo. Akayamba kuyang'ana kukhomo, akatola foni, akafunsa kuti "ndiye kuti chiyani?", ikani chizindikiro pamenepo, ndi pamene pali nthenda. Musatsutsane nawo, musawafotokozere chimene mumatanthauza, pakuti kwa wowerenga weniweni simudzakhalapo kuti mufotokoze. Pamene lilime lanu lapunthwa, chiganizocho n'chopindika, chiwongoleni. Mfundo imene mwainena kawiri, siyani pamene yamveka bwino, kwinako fufutani. Nkhani ya masamba atatu imene yatsika kufika pa awiri sinaluze kanthu.

Pomaliza nkhani, ambiri mumasanduka abusa. Mwafotokoza bwinobwino za mayi wa thumba uja, ndiye mukuwonjezera kuti "choncho tiyeni tonse tigwirane manja kuti dziko lathu litukuke." Mawu amenewo tawamva pamsonkhano uliwonse chipatsidwire ufulu mu 1964, ndipo salowanso m'khutu la munthu. Wowerenga si mwana. Ngati mwamuonetsa bwino, phunziro alitola yekha. Ngati muli ndi pempho lenileni, lilunjike kwa munthu amene angathe kuchitapo kanthu, ndipo linene chinthu chimodzi chimene achite. Ngati mulibe, nkhani ikatha lekani.

Zonsezi simungazidziwe musakuwerenga anzanu amene anatsogola. Ndimadabwa kuona wachinyamata akufuna kuti anthu awerenge zake pamene iye chitulukire sukulu sanatsegulepo buku la Chichewa. Funani Sikusinja ndi Gwenembe komanso Kukula ndi Mwambo a John Gwengwe. Funani Njala Bwana la Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Ntaba, ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga, mabuku a E. J. Chadza. Pitani ku laibulale ya National Library Service imene ili pafupi nanu, mukabwereke kwa aphunzitsi opuma ntchito, ambiri anawasunga m'masutikesi. Tengani Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998, mutsegule ndime imodzimodzi, muone mmene nkhani imodzi inganenedwere m'njira ziwiri, ndipo mudzifunse kuti njira iti ikukulowani msanga ndi chifukwa chake. Werengani masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, Tamvani ndi Tikambe, kumapeto kwa sabata, cholembera chili m'manja, muzichonga pamene mwakopeka ndi pamene mwatopa. Makutu nawonso awerenge. Kakhaleni pabwalo la milandu kwa amfumu, mumve mmene nkhoswe imayalira nkhani, pamene imayambira, chimene imasungira kumapeto. Mvetserani masewero akale a Izeki ndi Jakobo, muone kuti nthabwala imagwa chifukwa cha nthawi imene liwu laponyedwa. Kuphunzira kwa ena n'kwabwino, kukopera n'kuba. Lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso lilipo, bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi liliponso, koma choposa apo dziko lathu n'laling'ono, mwini nkhani adzaiona.

Za ndalama ndisakunamizeni. Kulemba m'Chichewa sikulemeretsa msanga, ndipo ambiri mwa amene ndawatchulawa ankalemba ali ndi ntchito ina yowadyetsa, uphunzitsi kapena utolankhani. Musasiye ntchito kapena munda poti mwalemba nkhani ziwiri zimene anzanu aziyamikira. Lembani m'mawa kusanatenthe, kapena usiku ana atagona, koma muzilemba kawirikawiri, chifukwa dzanja limene lakhala miyezi osagwira cholembera limauma.

Tsono sabata ino, ana anga, musalembe za dziko lonse. Sankhani munthu mmodzi wa m'dera lanu amene mumamudutsa tsiku lililonse: wogaya chimanga, wosoka nsapato, mayi wa mandasi pageti ya sukulu. Kamulonjereni, mupemphe kuti mucheze naye, mukhale naye mpaka akuuzeni chimene simumachidziwa. Lembani tsamba limodzi lokha, muligoneke, m'mawa muwawerengere azakhali anu. Akakufunsani kuti "kenako?", tumizani kwa mkonzi. Akapanda kufunsa, bwererani kwa munthu uja mukafunsenso.